Ofesi Itsekula Lolemba

"Msiye mwanayo, Tae-gon! Ndati msiye!"

A Pyo Man-sik anakuwa ali chigonere pansi, koma mawu a munthu amene khansa yamudya mapapo safika patali. Kuchipinda chinacho chitsulo chinapitiriza kulira pathupi la mwana. Chinali chimodzi mwa zitsulo zija timazika m'munda kuti tsabola ayedzamire, ndipo Tae-gon, mwana wawo mmodzi yekhayo, ankachisunga kuseri kwa chitseko. Darae, mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi zitatu, sankalira. Anali ataphunzira kale kuti kulira kumawonjezera zikwapu.

Mkuluyo anakwawa. Munthu amene kale ankasenza matumba awiri a mpunga nthawi imodzi, tsiku limenelo anayenda ndi zigongono mpaka anakankha chitseko ndi mutu. Anapeza mwana ataimitsidwa pakampando, buluku atapinda mpaka m'mawondo, kumbuyo kwa miyendo magazi ali chuchuchu. Mlandu wake unali woti anachedwa kuanula tsabola pabwalo, mvula n'kumunyowetsa.

"Bwererani mukagone, bambo," anatero Tae-gon osacheuka. "Mwanayu ndi wanga."

"Ndi munthu ameneyo, si ng'ombe."

"Nanga ine ndinali ng'ombe? Si inu munkandiimika pakampando komweka, n'kundituma kukathyola ndekha ndodo yondimenyera? M'mera mpoyamba, munkatero ndinu. Lero poti manda ayandikira mwasanduka woyera mtima?"

A Pyo anagwira nsonga ya chitsulocho ndi manja awiri. Tae-gon anangokoka kamodzi n'kukankha, mkuluyo anakamenyetsa msana pakabati, mbale zinagwa, ndipo chifuwa chinawayamba mpaka magazi anatulukira pakamwa. Mwana wawo anawadumpha ngati chipika, nakalizitsa galimoto panja. Amene anawapukuta pakamwa anali Darae, ndi malaya ake.

Masana omwewo a Pyo anaimbanso foni ku ofesi ya boma yoteteza ana, kutauni. Aka kanali kachitatu. Kuneneza mwana wako wobala wekha si chinthu chapafupi, khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma mayi ake a Darae anathawa nkhonya zomwezi zaka zitatu zapitazo osasiya ngakhale keyala, ndipo m'nyumbamo munalibenso wina woti n'kutsekula pakamwa.

Ofesi imeneyi, abale, ili ndi ulemu wakupha nawo munthu. Sifika pakhomo pa munthu mwadzidzidzi ayi, ati n'kupanda mwambo. Lachitatu anaimbira Tae-gon mwiniwake kumuuza kuti abwera Lachisanu nthawi ya teni koloko, ngati kulibe chovuta. Pofika Lachisanulo m'nyumba munali mosesa, chitsulo chili kumunda, maapozi atasendedwa m'mbale, Darae atavekedwa buluku lalitali ndi masokosi. Amene anabwera anali bambo Seok, mnyamata wa tayi, wofatsa, woweramira aliyense. Anavula nsapato n'kuziyika mondondozana bwinobwino, anakhala pansi, ndipo anafunsa mwanayo ngati pali amene amamuvutitsa. Pofunsapo n'kuti bambo ake a mwanayo ali pambali pake, dzanja lili paphewa lake.

Darae anati anagwa panjinga.

"Mukwezeni bulukulo muone," anatero a Pyo kuchokera pakhomo pamene anatsamira.

Bambo Seok anachita manyazi. Anafotokoza kuti iwo monga mwamuna sangavule mwana wamkazi popanda chilolezo cha kholo, kuti mnzawo wamkazi ali ndi mabanja ena makumi asanu ndi atatu, komanso kuti lamulo limati malo abwino a mwana ndi pakhomo pa makolo ake. Tae-gon anatsitsa mawu, nkhope ili yachisoni, n'kunena kuti mankhwala a khansa awasokoneza mutu bambo akewo, moti masiku ena amaona anthu amene anamwalira kalekale. Kenako anapempha pepala yekha. Analemba kuti salanganso mwana mopyola muyezo, anatulutsa chidindo cha dzina lake, anachinyika mu inki yofiira n'kudinda. Bambo Seok analandira pepalalo ndi manja awiri, ndipo anachoka tiyi asanazizire.

Galimoto ya boma isanafike n'pamlatho pomwe, Tae-gon anali atagwira kale mwanayo tsitsi, kumufunsa kuti anawauza chiyani agogo ake.

Sabata yotsatira a Pyo anakomoka kuchimbudzi. Dokotala wa kutauni sanabise, anati kwatsala mwezi umodzi, ukachuluka iwiri, ndipo anatchula nyumba ya masisitere ili paphiri ija, kumene amasamalira odwala amene chipatala chawalephera. Kwathu kuno nyumba imeneyo timangoti Kofera. A Pyo anali atalumbira kale kuti kumeneko sadzapondako, mwamuna amafera pansi pa denga lake. Koma atabwera Sisitere Rufina kudzawaona, mayi wamfupi wa mikono ngati mlimi, anatchula mongodutsa kuti m'chipinda chilichonse muli malo oti wachibale mmodzi azigonamo. Mkuluyo anatsekula maso. Anafunsa ngati wachibaleyo angakhale mwana wasukulu. Sisitere anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana Darae amene ankayenda motsimphina ndi thireyi, n'kunena kuti basi ya sukulu imaima m'munsi mwa phiri lomwelo.

Tae-gon sanakane. Inali nthawi yothyola tsabola, ndipo kutumiza mwana kukadwazika agogo ake kunamupatsa dzina labwino m'mudzi.

Zimene a Pyo anakapeza ku Kofera zinawachititsa manyazi ndi pakamwa pawo. Miyezi inayi anali asanagone tulo tenitene chifukwa cha ululu, koma kumeneko namwino anawafunsa kuti ukuwawa pati, ukuwawa bwanji, n'kuwapatsa mankhwala pa nthawi yake osadikira kuti ayambe kubuula. Anawasambitsa m'madzi otentha, anawameta ndevu. Atanena kuti alakalaka msuzi wa nkhanu za m'mitsinje, wophika anapita kukazifuna kumsika, ngakhale kuti mkuluyo anangomwa masipuni awiri.

Tsiku lachiwiri Sisitere Rufina anabweretsa beseni n'kupempha Darae kuti amuthandize kutsuka mapazi a agogo. Mwanayo anagwada, anapinda manja a malaya, ndipo mosaganiza anapindanso buluku kuti lisanyowe. Sisitere anasiya thawulo. Miyendo ija inali mizeremizere, ina yakuda, ina ya mafinya, ina yoyera yakalekale. Sanafunse kuti wagwa pati. Anatsuka mabalawo, anaitana dokotala wa panyumbapo kuti ajambule ndi kulemba, ndipo madzulo omwewo anatumiza zonse ku ofesi ija ndi kupolisi. Apolisi anati nkhani za ana n'za ofesi. Ofesi inayankha mwaulemu kuti yalandira, ipempha khoti kuti lilamule mwanayo achotsedwe kwa bambo ake, koma mapepala ali ndi njira yake. Sisitere ankaimba m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse ankamva kuti nkhaniyo ili patebulo la abwana. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Komabe masiku khumi ndi awiri amenewo anali okoma. Darae anayamba kudya mbale ziwiri za mpunga. Ankakankha agogo ake panjinga ya odwala pakhonde mothamanga mpaka anamwino kumukalipira uku akuseka, ndipo tsiku lina a Pyo anamva phokoso lachilendo n'kuzindikira kuti ndi mdzukulu wawo akuseka. Analira mkuluyo, misozi yeniyeni. Anauza Sisitere Rufina zonse, za kampando kaja, za ndodo zimene anathyolera pamiyendo ya Tae-gon ali wamng'ono, kuti nkhuyu zimene zikupota mdzukulu anadya ndi iwo. Sisitere sanawanyengerere kuti zinapita. Anangoti mawu amenewo akufunika kuwamva ndi Tae-gon, nthawi ikadalipo.

Tae-gon anabwera kutatsala tsiku limodzi kuti tichite Chuseok, chikondwerero cha zokolola, pamene aliyense amabwerera kwawo kukayala chakudya patebulo la makolo amene anatisiya ndi kuwagwadira. Anafika masana atavala suti, fungo la mowa lili patsogolo, n'kunena kuti wadzatenga mwana wake. Sisitere Rufina anaima pakhomo la chipinda n'kutambasula manja.

"Mwanayu satuluka muno, bambo ake a Darae."

"Munabala ndinu? Mkazi wosadziwa ndi mimba yomwe mundiuze za mwana?"

Anamugwira nsalu ya kumutu n'kumukankhira kukhoma. Magalasi a Sisitere anasweka, chipumi chinang'ambika, koma mayiyo anadzuka n'kuimanso pomwe paja, magazi akutsikira m'diso. Namwino wina anaimbira bambo Seok n'kukweza foni kuti onse amve. Bambo Seok anali pamsewu, pamzere wa magalimoto, kupita kwa makolo awo. Anapepesa kwambiri. Anati kalata ya khoti sinatuluke, choncho mphamvu zikadali kwa bambo a mwana, ndipo nyumba ya odwala ilibe ufulu wosunga mwana wa munthu. Anawonjeza kuti pajatu bambowo anadinda lonjezo, komanso ndi mwana uti amene sakhala kwawo pa Chuseok?

"Ofesi itsekula Lolemba," anatero. "Lolemba m'mawa ndiyamba ndi nkhani imeneyi, ndithu."

Apa Tae-gon anasintha. Anagwada pakhomo pomwepo, anagunditsa chipumi pansi kuloza bedi la bambo ake, n'kuyamba kulira. Anati mawa mzimu wa mayi ake ubwera kudzadya, ukapeza mwamuna wawo palibe, mpongozi palibe, ndiye upezenso mdzukulu palibe? Anati iye ndi munthu woipa, akudziwa, koma asawachititse manyazi mayi ake pamaso pa makolo onse a banja la Pyo. Anapempha tsiku limodzi lokha. Mwanayo akagwada kawiri, akadya, amubweza yekha dzuwa lisanalowe.

A Pyo anali asanamuonepo mwana wawoyo akulira chikulire. Mtima unawasungunuka. Anamuitana pafupi, anamugwira mutu, n'kunena mawu aja ankawasunga, kuti anamulakwira, kuti anamulera ndi ndodo pamene ankafunika manja. Tae-gon anati wakhululuka. Ndipo mkuluyo anaganiza za mkazi wawo, amene zaka makumi anayi anayala tebulo limenelo osaphonya, kuti mawa afike m'nyumba yopanda mwana.

"Agogo, musalole," anatero Sisitere Rufina. "Aitane apolisi, andimange ine. Pakhomo pano sindichoka."

"Ndi tsiku limodzi, Sisitere," anatero a Pyo. "Mwana wa kwa Pyo ayenera kugwadira agogo ake."

Darae anali atagwira chala cha agogo ake kuyambira pamene bambo ake analowa, ndipo amene anamasula dzanjalo anali agogowo. Mwanayo anawayang'ana kamodzi, anapinda bulangete lake, anavala nsapato, n'kutsatira bambo ake.

Zimene zinachitika m'mawa mwake tinazimva kwa mayi Eom, oyandikana nawo nyumba, amene ankaonera pampanda. Tebulo la makolo lili ndi malamulo ake, ndipo mwana aliyense amawadziwa akakula: zipatso zofiira kum'mawa, zoyera kumadzulo, nsomba mutu wake uloze kum'mawa. Kale ankayala ndi agogo aakazi, kenako mayi ake a Darae. Chaka chimenechi ntchito yonse inagwera mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amene palibe anamuphunzitsa. Anayika nsomba mutu utaloza kumadzulo.

Tae-gon anali atamwa kale mowa wa makolo asanawathirire. Ataona nsombayo anakuwa kuti mwanayo watukwana akufa, kuti masisitere amuphunzitsa kunyoza makolo. Ananyamula choikapo kandulo chamkuwa. Mayi Eom anamva kugunda katatu, kenako anaona kudzera pachitseko chotsekula akumukoka tsitsi n'kumumenyetsa mutu pangodya ya tebulo. Mwanayo atagwa, bambo ake anatembenuza nsomba ija, anakonza tayi, anathira mowa m'kapu, n'kugwada kawiri monga mwa mwambo, mwana ali gone kumbuyo kwake, magazi akutuluka m'khutu. Mayi Eom analowa ndi nsapato zomwe, akukuwa, ndipo apolisi aja ankati nkhani za ana si zawo anafika pasanathe mphindi khumi.

Ku Kofera sanamiza munthu. Dzuwa litapendeka, a Pyo akuyang'anabe kunjira, Sisitere Rufina anakoka mpando n'kuwauza zonse, kuti Tae-gon ali m'manja mwa apolisi, Darae ali kuchipatala chachikulu, ndipo sanatsitsimuke. Mkuluyo anazula paipi ya mpweya. Anatenga kapu yachitsulo n'kuyamba kudzimenya nayo kumaso, mpaka mlomo unang'ambika, akunena kuti apha mwanayo ndi iwo, ndi dzanja lawo lomwe. Anamwino awiri anachita kuwagwira. Kuyambira pamenepo anakana mankhwala. Anati ululu uwadye, ndiwo malipiro awo, ndipo masiku atatu anabuula usana wonse, thukuta lili kamukamu, mano ali gwa.

Tsiku lachinayi Sisitere anabwera ndi nkhani ya madokotala. Ubongo wa mwanayo unali utawonongeka moti panalibenso chochita. Ankapuma yekha pang'onopang'ono, mwina sabata, mwina osakwana. Anali m'chipinda cha makina kumene wachibale amaloledwa mphindi makumi awiri patsiku, ndipo wachibale woti apiteko panalibe.

"Ululu wanuwu sukumuthandiza mwanayo," anatero Sisitere. "Koma dzanja lanu lingamuthandize. Mukamwa mankhwala n'kukhala tsonga, ine ndikamutenga."

Mmene anachitira ndi mapepala, mmene anakanganira ndi akuluakulu a chipatala, Sisitere sananene. Chimene tikudziwa n'chakuti Lachisanu ambulansi inakwera phiri lija, ndipo anamwino anachotsa kabati pakati n'kugundanitsa mabedi awiri. Darae anali wochepa ngati wabwerera ku ukhanda, mutu uli m'mabandeji, diso limodzi litatupa. A Pyo anaopa kumukhudza. Sisitere anatenga dzanja lawo n'kuliyika pa la mwanayo, n'kuwauza kuti alankhule naye, chifukwa makutu ndiwo amatsalira kumva zonse zikatha.

Anamusamalira mwana uja ngati wa mfumu. Anamusambitsa ndi madzi ofunda, anapesa tsitsi limene linatsala kunja kwa bandeji, ankamunyowetsa milomo ndi thonje. Akaona nkhope yakwinyika ankamupatsa mankhwala mpaka iwongoke. Ndipo palibe amene ankamukhudza asanamuuze. Namwino aliyense ankayamba wawerama n'kunena kuti, Darae, ndine wakuti, ndikufuna ndikutembenuze, usaope. A Pyo ankamva zimenezi n'kumaluma bulangete, pakuti m'moyo wake wonse mwanayo anali asanapemphedwepo chilolezo ndi dzanja lililonse limene linamufikira.

Iwo ankamuuza za ng'ombe imene anali nayo kale, za mmene agogo ake aakazi ankaopera achule, zilizonse zimene zabwera. Anamupepesanso kambirimbiri. Mayi Eom anabwera ndi mikate ya mpunga n'kunong'oneza kuti si bwino wamkulu kuonerera imfa ya mwana, mwambo wathu umati akulu saperekeza wamng'ono. A Pyo anawayankha kuti mwambo wadya kale zokwanira m'banja lawo.

Bambo Seok anafika Lolemba lachiwiri chichitikire ngoziyo, cha m'ma leveni koloko. Anali ataonda, tayi ili pambali. Anaima pakhomo n'kuwerama mpaka m'chiuno, envelopu ili m'manja awiri. Khoti linali litavomera m'mawa womwewo. Anayamba kufotokoza za tchuthi, za kuchepa kwa antchito, za abwana amene anali kumsonkhano, koma analekeza ataona bedi lachiwirilo. Kupuma kwa mwanayo kunali kutasintha kuyambira m'mamawa, kumaima nthawi yaitali kenako n'kuyambanso. Anafuna kusiya envelopu patebulo kuti azipita.

"Si yanga imeneyo," anatero a Pyo. "Mwini wake ndi uyu. Muwerengereni."

"Agogo, mwanayu sangathe..."

"Akumva. Bwerani kuno, pafupi ndi khutu. Anakudikirani nthawi yaitali."

Bambo Seok anayang'ana Sisitere kuti awapulumutse, koma Sisitere anangowasunthira mpando. Anakhala pansi, anang'amba envelopu. Anawerenga dzina la khoti, nambala ya mlandu, tsiku. Anawerenga dzina la Pyo Darae ndi zaka zake. Atafika pamene panalembedwa kuti mwanayu achotsedwe msanga m'manja mwa bambo ake, anatsitsa mawu, ndipo a Pyo anawauza kuti akweze mawu, ayambirenso mzere umenewo. Anayambiranso. Anawerenga kuti bambo ake asamuyandikire, kuti asungidwe pamalo otetezeka, kuti boma lionetsetse kuti palibe chomupweteka.

Darae anatulutsa mpweya pamenepo. Onse anadikira kuti akokenso wina, koma sanakoke.

Sisitere Rufina anagwira pakhosi pa mwanayo, anayang'ana wotchi, n'kugwedeza mutu. Bambo Seok anali chigwirire pepala lawo, patatsala mizere iwiri. A Pyo anayesa kutukula mkono kuti atseke diso lija linali lotsekula pang'ono, koma mkono unakana, unangogwera pabulangete. Sisitere anawagwira pamkono n'kuwutukula.

"Darae, ndine agogo ako," anatero mkuluyo. "Ndikufuna ndikutseke maso. Usaope."